Mendulo ya Ana Omera Mano

M'mudzi mwathu muno ku Punjab, muli nkhalamba ina ya nduwira yotuwa imene imakhalabe pabedi lake la zingwe pansi pa mtengo wa mango. Mendulo yasiliva imene Angerezi anaipatsa itabwerako kunkhondo ya kumapiri a Tirah siikhalitsa pakhomo pake. Mwana akayamba kumera mano, mayi ake amadzaibwereka kuti azilumaluma, usinini uzizire. Tonsefe tinakulira mendulo imeneyi, mpaka nkhope ya Mfumukazi ya Angerezi yomwe inali pamendulopo inafufutika ndi malovu athu.

Chaka china kunabwera msilikali wolemba anyamata usilikali. Anapempha nkhalambayo kuti ivale menduloyo, anyamata akopeke.

"Ili pantchito, mwana wanga," inatero, ikuloza khanda la mnansi wake Gurdial lomwe linali kuimung'unya.

"Baba, ulemu wa nkhondo mwausandutsa chidole?" anafunsa msilikaliyo.

Nkhalambayo inasisita ndevu zake. "Kumapiri kuja tinapita gulu, anyamata a m'mudzi uno. Ndinabwerako ndekha, ndi kachitsulo aka. Alekeni ana akalawe adakali m'manja mwa amayi awo, asadzakalakelake atakula."

Tsiku limenelo palibe analembetsa.