Galimoto ya Akulu Anga Inafera Panjira ya ku Chingwere

Ndinadzuka kusanache, moto wa pamaliro utatsala makala okhaokha. Amuna anali atagona m'mipando ndi pamakatoni, atafunda majekete kumutu, ndipo m'nyumba amayi a mpingo ankaimbabe ndi mawu osasa. Linali tsiku loika akulu anga, amene anandilera m'komboni ya Matero muno makolo athu atamwalira, koma tinalibe chonyamulira bokosi. Lole imene anatilonjeza kumene iwo ankagwira ntchito asanawachotse inali pamzere wa dizilo kuyambira dzana, ndipo uthenga unali utabwera woti tisaidikire.

Alamu anga, mkazi wa malemuyo, anandiitanira pakhomo n'kuloza kuseri kwa nyumba.

"Ba mulamu, bapelekeni na motoka yao. Sinifuna bagone futi mu mochale."

Galimotoyo inali yakale kuposa ufulu wa dziko lathu, yobiriwira, yaitali kumbuyo, ya mabampa onyezimira. Akulu anga anaigula kwa mzungu wina wa pafamu masiku amene kopa wa m'migodi anali ndi mtengo. Zinthu zitavuta, zitsulo zinasowa m'masitolo, galimoto n'kukhala zaka osayenda. Iwo ankangoipukuta ndi kupopa matayala Loweruka lililonse, mpaka chifuwa chinawagoneka.

Ine si makaniki, ndinkangowapatsira masipanala. Choncho ndinakadzutsa aneba athu a Mwape, Mbemba wowotcherera zitsulo. Iwo anakabwereka batire kwa bambo wina woyendetsa takisi, amene anatitsanulirakonso petulo wa m'thanki yake m'kachigubu.

Tinathira pang'ono, ine n'kupotoza kiyi. Injini inazungulira koma sinagwire. A Mwape anakwawira pansi n'kumasula paipi yochokera kuthanki. Chimene chinatuluka chinali chofiirira ngati tiyi, chonunkha ngati penti yakale, chodzaza dzimbiri. Thankiyo tinaileka. Tinaika chigubu pamapazi a mpando wakutsogolo, n'kulowetsamo paipi ina yopita kupampu. Ndinayamwa paipiyo kuti petulo akwere, wina n'kundilowa kukhosi, ndipo ndinasanza kuseri kwa chimbudzi.

Pamenepo kunali kutayera. Amayi anakoleza moto pamafuwa m'mbali mwa mpanda. Ufa unali wosowa chaka chimenecho, ndiye aliyense ankabwera ndi kambale kake n'kukhuthulira m'beseni limodzi. Anthu anayamba kufika wapansi kuchokera kukomboni ya George, ena ku Chawama, nsapato zili mbuu ndi fumbi, poti mabasi kunalibe. Ankalowa kukalira m'nyumba, kenaka amuna n'kudzaima motizungulira.

Petulo sankafikabe kuinjini, ndipo titatsegula pampu tinapeza labala imene imakoka petulo itang'ambika ngati tsamba louma. A Mwape anadula ina pachubu chakale cha tayala, n'kuiboola ndi msomali.

"Iyi petulo izaidya, ba neba," anatero. "Tipempe chabe itifikise."

Kenaka tinamasula kabureta, kumene petulo amasakanikirana ndi mpweya. Timabowo take tinali titatsekeka. Tinatitokosa ndi kawaya kochokera muchingwe cha magetsi, n'kumauzira ndi pakamwa. Kasikulu kamodzi komangira kabureta kanagwera m'dothi ndipo amuna akuluakulu ovala masuti anagwada kukafunafuna mpaka kanapezeka.

Dzuwa linali litakwera pamene ndinapotozanso kiyi. Injini inatsokomola, kenaka inalira, utsi wakuda n'kudzaza pabwalo. Nyimbo m'nyumba inadukira pakati. Ndinamva alamu anga akukuwa, kuitana amuna awo ndi dzina limene ankawaitana nalo asanabereke ana. Ndinagwira chiwongolero, osatha kuona kutsogolo chifukwa cha misozi.

Tinauza anthu kuti atsogole kumanda ku Chingwere, ife tikatenge thupi. Kumochale tinapeza mzere. Mabanja ambiri anali kudikira abale awo, ena ndi mawilibala, ena ndi njinga. Sindinazimitse injini poopa kuti siilirenso, ndipo ndinkangoona petulo akutsika m'chigubu. Bokosi linalowa bwino kumbuyo titapinda mipando. Linali lopepuka kwambiri. Akulu anga anali munthu wathupi asanadwale.

Unali mwezi wa Okutobala, ndipo m'galimoto munkatentha ngati m'ng'anjo. Titadutsa m'tauni n'kulowa njira ya ku Matero, ndinayamba kumva fungo la petulo. Injini inabwebweta, inakoka pang'ono, n'kuzima pafupi ndi msika. A Mwape anatsegula boneti. Labala ija inali itafufuma n'kusanduka phala, ndipo petulo ankadontha m'fumbi.

Tinaisiya pampu. Tinamangirira chigubu padenga ndi lamba wanga kuti petulo azitsika yekha mpaka kukabureta. Galimoto inalira n'kuyendanso, a Mwape atatulutsa mkono pawindo kuchirikiza chigubucho. Sitinapite patali. Chinauma.

Ndinaimika magalimoto angapo kupempha petulo. Oyendetsa ankayang'ana bokosi, kuvula chipewa, n'kuloza geji yawo ya mafuta. Ndiye tinayamba kukankha. Amuna ogulitsa makala m'mbali mwa msewu anasiya matumba awo n'kudzatithandiza, ngakhale sankamudziwa munthu amene anali m'katimo. Tinakankha mpaka pamene phula linathera, ndipo pamenepo matayala anatitimira mumchenga. Tinatulutsa bokosi n'kulisenza pamapewa.

Tinafika kumanda dzuwa litapendeka. Anthu ambiri anali atabwerera chifukwa cha ludzu ndi ulendo wautali wapansi. Abusa anali atapita kumaliro ena tsidya lina la manda omwewo, poti tsiku limenelo maenje okumba kumene anali m'mizere. Mkulu wa mpingo ndiye anawerenga mawu mwachidule. Amayi amene anatsala anayesa kuimba koma mawu anali atawathera. Alamu anga anakhala pansi m'fumbi, osaliranso, akungoyang'ana zingwe zikutsika. Ine ndinaponya dothi ndi manja akuda bii ndi girisi.

Madzulo pakhomo panali zii. Mafuwa anali atazizira, ndipo achibale akumudzi anali atapita kukagona kwa amalume ku George, atagwirizana kale kuti alamu anga abwerere kwawo ku Petauke ndi ana, poti panalibe wowadyetsa m'tauni. Ndinalowetsa mipando ndekha. Magetsi kunalibe. Ana anali atagona pamphasa osasamba, ndipo alamu anga anatsamira khoma, nyale ya parafini ili pambali pawo.

"Motoka mwaisiya kuti?" anandifunsa.

"Pamene museu wa tala wasilira, ba mulamu. Mailo kukacha nizafuna bantu tikaikoke."

"Bazaba matayala usiku uno."

"Bazaba," ndinavomera.

Anasisita phazi la mwana wawo wamng'ono.

"Lekani babe," anatero, n'kuzimitsa nyale.