Dironi ya Abwana ndi Tambala wa Ankhoswe

Amwene, khalani pansi. Ndikuona mwayamba kale kukodolana, mukuti wabodza uja wayambapo. Sekani, palibe vuto, koma aimike mkono amene anapulumutsapo chinkhoswe cha mlongo wake ndi manja awiri okha. Palibe? Ine ndinapulumutsa. Mboni zilipo tenti yodzaza, ena mwa iwo ndi akulu a mpingo, anthu osadziwa kunama.

Nthawi imeneyo ndinali nditangoyamba ntchito pa situdiyo ina yojambula zithunzi ku Limbe, chakumtunda kwa depoti ya maminibasi. Ndikati ntchito musaganize patali. Ndinkanyamula zikwama, kupukuta makamera, masana n'kukagula tchipisi cha abwana pachiwaya. Koma kunyumba ku Chitawira ndinkati ndine payiloti. Mayi anga anafika pouza anzawo a kutchalitchi kuti mwana wawo amayendetsa ndege, ine osawatsutsa. Nanga dironi si ndege? Ili ndi mapiko anayi, pamene zija za ku Chileka zili ndi awiri okha.

Abwana anga anali munthu wa malamulo. Dironi yawo anakailembetsa ku ofesi yoona za ndege, ndipo pepala lake linkakhala m'chikwama momwemo atalikutira pulasitiki ngati khadi la ubatizo. Kawiri konse ananditengera pabwalo la mpira m'mamawa kulibe anthu, n'kundigwiritsa rimoti.

"Iwe, aka si kidole," ankatero. "Usakadutsitse pamwamba pa mitu ya anthu. Mumpanda wa munthu sikalowa mwini wake asanalole. Maso ako azikaona nthawi zonse, ukangodalira sikirini kapita. Ndipo kufupi ndi bwalo la ndege kapena nyumba ya boma ya paphiri ija usayerekeze n'komwe, ine sindidzakubweretsera chakudya kupolisi."

Ine "Eya bwana, eya bwana," koma maso ali pa atsikana amene ankadutsa kupita kokasewera netibolo.

Ndiye kunabwera chinkhoswe cha achemwali anga, amene ine ndinawaponda pamutu. Chinachitikira pakapinga wa azakhali ku Namiwawa, Loweruka lina la dzuwa. Namiwawa mukumudziwa: mipanda italiitali, mageti otseka, phokoso ndi la mbalame basi. Abwana anavomera kudzajambula, koma tsikulo anali ndi ukwati wina m'tauni umene unachedwa kuyamba. Ananditula pageti ndi zikwama zonse.

"Uzijambula ndi kamera yapamanjayi. Dironi usaikhudze mpaka ndifike. Wamva?"

Ndinamva. Vuto ndi loti anthu onse m'tentimo anali atamvanso kuti payiloti wafika. Aliyense wodutsa ankandigwira paphewa. "Apayiloti, ndege ija inyamuka nthawi yanji?" Atsikana operekeza achemwali ankangoyang'ana kumwamba, kenako n'kundiyang'ana ine. Inu mukanatani? Ndinatsegula chikwama. Batire sindinaliyang'ane n'komwe kuti latsala bwanji.

Tsono ndikuuzeni za ankhoswe a kuchimuna, amalume awo a alamu anga. Anali mkulu wamtali, wa chipewa cha khonde, amene anapuma ntchito ya njanji n'kubwerera kwawo ku Thyolo. Chinkhoswe cha m'tauni cha matenti ndi masipika sankachifuna, anachita kuwanyengerera kuti abwere. Mukudziwa mmene mwambo umayendera: a kuchimuna amapereka tambala, a kuchikazi n'kupereka thadzi, ndipo nkhukuzo zisanasinthane manja palibe chimene chamangidwa. Mkuluyu anabwera ndi tambala wolera yekha, wofiira, wamkulu ngati mbuzi. Chabwino, ngati kamwana ka mbuzi. Anayenda naye pamiyendo m'minibasi kuchokera ku Thyolo mpaka ku Limbe. Ndipo anakana kumumanga miyendo. Akuti tambala womangidwa amaoneka ngati mwamunayo akuchita kukakamizidwa banja.

Nthawi yosinthana nkhuku itakwana, ankhoswe a mbali zonse anaima pakati pa bwalo. Ine ndinaimika dironi m'mwamba, anthu onse "Eeee!" Pasikirini ankhoswe ankaoneka ngati nyerere. Ndinati ayi, chithunzi cha tambala akusintha manja chiyenera kuoneka nthenga iliyonse. Ndinaitsitsa. Ndinaitsitsanso. Inafika pamwamba penipeni pa chipewa cha mkulu uja, ikulira ngati njuchi za m'chulu chonse.

Amwene, ife a m'tauni tinaiwala chinthu chimodzi chimene nkhuku iliyonse ya kumudzi imabadwa ikuchidziwa. Chinthu chikaima m'mlengalenga osasuntha, chithunzithunzi chake chili pansi, ameneyo ndi kabawi. Tambala anapendeka mutu, diso limodzi kumwamba, n'kukuwa kukuwa kumene kunamveka mpaka ku Ndirande. Anapalasa ankhoswe pachifuwa, chipewa uko, iye pamwamba pa tenti. Mphepo ya dironi inavula maduku a azimayi atatu a mzere wakutsogolo. Kuchoka patenti, tambala anatambasula mapiko, n'kudutsa pamwamba pa mpanda, kugwera kwa aneba.

Nyimbo inazima.

Ankhoswe anatola chipewa chawo, kuchisasa fumbi pang'onopang'ono, n'kuchivala.

"Ndinanena ine," anatero, osakweza mawu. "Za m'tauni."

Azakhali anathamangira pafupi. "Bambo, pepani, titumize galimoto kumsika, tambala wina apezeka pompano."

"Mayi, ine sindinabwere ndi tambala wa kumsika. Amene ndalera ndi uja. Wathawa pakhomo panu anthu akuona. Kumudzi ndikanene kuti chiyani? Folo koloko ikakwana ine ndikukakwera minibasi, nkhani tidzaikambanso chaka china."

Anakhala pampando, manja pamwamba pa ndodo. Alamu anga anayamba kutuluka thukuta mpaka kolala yonse kunyowa. Achemwali anadzuka pampando wawo wa maluwa, n'kubwera pamene ndinaima, akumwetulira kuti anthu asadziwe. Anandigwira khutu ngati akundikonza kolala.

"Iwe, zaka zinayi ndakhala ndikudikira tsiku lino. Upite ukamutenge. Ukapanda kumupeza, nawenso usabwere, ukakhale konko."

Pamenepo ndiye upayiloti unandikwera zenizeni. Ndinakuwa kuti aliyense amve: "Musadandaule, ndimusaka kuchokera kumwamba!" Ndinakweza dironi, n'kuidutsitsa mpanda wa aneba. Mwawerenga malamulo a abwana amene ndaphwanya pofika apa? Ine ndinasiya kuwerenga. Dironi sindinkaionanso ndi maso, ndinkangodalira sikirini, ndipo pakona pake kachizindikiro ka batire kanali kakuphethira kofiira. Ndinaona denga, thanki ya madzi, zovala pachingwe, kenako uyo! Tambala ali kuseri kwa khitchini, akuyenda ngati nyumbayo wagula. Nditati ndiyandikire, sikirini yonse inasanduka masamba. Ndinaiimika mumtengo wa mapeyala. Ena amati inagwa, koma ine ndimati ndinaiimika.

Ndinathamangira kugeti la anebawo. Alonda anatsegula kawindo kakang'ono kapageti, nkhope ili gwa.

"Ndiwe mwini kachilombo kaja? Wakutuma ndani kujambula m'nyumba ya eni? Eni nyumba kulibe, koma ndikangowaimbira, apolisi afika iwe usanameze malovu. Masiku ano akuba amayamba choncho, kuzonda ndi tindege."

"Bambo, pepani, ndi nkhani ya banja. Mlongo wanga..."

Kawindo kanatsekedwa.

Apa mvetserani bwino, chifukwa apa ndi pamene anthu amaimirira ndikamafotokoza. Ndinazungulira kuseri, ndinakwera mpanda wotalika ngati nyumba yosanja, pamwamba pali magalasi osweka. Ndinalumphira mkati. Agalu atatu, aliyense msinkhu wa mwana wa ng'ombe, anabwera akuthamanga. Ndinawayang'ana m'maso, iwo anakhala pansi. Tambala atandiona anauluka, ine ndinauluka naye, tinakumana m'malere, ndinamugwira miyendo yonse iwiri ndi dzanja limodzi. Alonda anavula kapusi yawo, n'kunditsegulira geti lalikulu, lija la galimoto.

Ndinalowa kwa azakhali itatsala pang'ono folo koloko, chitenje ndamanga m'chiuno ngati mfumu ya gule, tambala ali m'khwapa. Ankhoswe anali ataimirira kale, ndodo ikuloza kugeti. Nthungululu zimene zinalira pamenepo, amwene, agalu a Namiwawa yense anayankha. Mkulu uja anamulandira tambala wake, kumutembenuza uku ndi uku, kuwerenga zala, kumuyang'ana lipombo. Kenako anati:

"Ndi yemweyu. Pitirizani."

Anapempha chingwe, n'kumumanga miyendo yekha, osayang'ana munthu. Nkhuku zinasinthana manja. Achemwali anavala mphete, alamu anga anayambanso kupuma. Azimayi a maduku aja anandikhululukira, mmodzi mpaka anandivinitsa. Pochoka, ankhoswe anandiitana pambali.

"Mnyamata, kuthamanga umatha. Koma kachinthu kako kaja, pamene pali nkhuku uzikasiya m'thumba."

Lolemba ku Limbe kunalibe nthungululu. Abwana anaika dironi patebulo, mapiko awiri othyoka, tsamba la peyala likadali m'kati. Sanakalipe. Ananditenga pagalimoto mpaka ku Namiwawa, kukagogoda kwa aneba aja, ine n'kupepesa pamaso pa mwini nyumba, ndipo zithunzi za bwalo lawo mwini nyumbayo analamula kuti zisapite kwina kulikonse. Pobwerera anandiuza kuti chikhala kuti mapikowo anakhudza diso la munthu m'tenti muja, bwenzi tikukamba zina. Miyezi isanu ndi umodzi rimoti sindinaigwire. Ndinkawerenga malamulo, kutchaja mabatire, kuyang'ana mphepo, kuimirira pambali pawo ngati mlonda wa mitengo ndi mawaya a magetsi. Kenako ndinakaphunzira bwinobwino, pepala langa ndinalitenga, nalonso lili mupulasitiki.

Lero ndikafika pamwambo ndimayamba ndazungulira malo onse wapansi. Ndimagogoda kwa aneba. Ndimauza woyendetsa mwambo kuti alengeze kuti kubwera kandege, anthu asadzidzimuke. Ndimajambula chapambali, patali ndi mitu ya anthu. Ndipo funso langa loyamba pa chinkhoswe chilichonse, limene simungalipeze m'buku la malamulo, ndi lakuti: "Nkhuku zituluka nthawi yanji?" Zikamatuluka, dironi imakhala pansi, ine ndili ndi kamera yapamanja. Anthu amandiitana mpaka ku Zomba. Mayi anga akamati mwana wawo ndi payiloti, tsopano ndi bodza la theka lokha.

Basi, nkhani ndi imeneyo. Kapena ndinene kuti ndi mmene ndakhala ndikuifotokozera.

Mwezi wamawa ndi chinkhoswe changa, ndipo achemwali andiuza kuti ali ndi mphatso yoti adzaonetse pasikirini yaikulu. Ndiye bola mumvere kwa ine.

Dironi ija itakodwa mumtengo sinazime. Inalendewera kamera ikuyang'ana pansi, ndipo batire linali litatsala lokwanira ndendende kujambula mpanda wakuseri. Vidiyoyo abwana anaisunga kuti azindiphunzitsira, mwini nyumba ataiona anaseka mpaka analola kuti ena aione, ndipo achemwali anaipeza pokatenga zithunzi zawo.

Mpandawo ndi wofika m'khosi. Ndinakwera, inde, koma sindinalumphe. Buluku langa la suti yobwereka linakodwa pagalasi, n'kung'ambika kuyambira palamba mpaka kuseri kwa bondo. Ndinatsala ndili lende, mutu mkati mwa mpanda, zinazo zikuyang'ana kumsewu. Agalu atatu aja anali kagalu kamodzi, koyera, kaubweya, kovala kabelu m'khosi, kakakulu ngati nsapato yanga. Kankauwa, ine ndikukuwa "Mayo! Mayo!" Mawu sanajambulike, koma pakamwa pakuoneka bwinobwino.

Amene anatuluka ndi mayi wina wogwira ntchito m'nyumbamo, wa msinkhu wa mayi anga. Anandiyang'ana, anayang'ana tambala, n'kubwerera m'khitchini. Anatuluka ndi mpunga wodzaza dzanja, kuuwaza pansi, "Kuuu, kukuku." Tambala anabwera yekha ngati waitanidwa ndi amake. Anamunyamula, kenako anaitana alonda kuti adzanditsitse. Dironi anaigwetsa ndi mtengo wothyolera mapeyala.

Nditaima pansi ndikugwira buluku ndi manja onse awiri, mayi aja anamasula chitenje chawo chapamwamba n'kundimanga nacho m'chiuno okha, ngati mwana wopita kosamba.

"Pita mwanawe, mlongo wako akudikira. Uyende pang'onopang'ono, kumbuyoku kulibe chilichonse."

Chitenjecho ndinakabweza chochapa ndi chosita. Mukadzabwera ku chinkhoswe changa, mayi amenewo mudzawaona pampando wakutsogolo, pafupi ndi mayi anga. Vidiyo ikadzayamba, ine ndidzakhala ndili panja, ndikuona ngati nkhuku azimanga miyendo.