Mayi osokera ng'ombe zovala

Tsiku loyamba kuwaona, nditangokwatiwa kumene kuno ku Amga, dera lozizira koopsa, mayi oyandikana nafe anandipeza ndikusoka chikopa, n'kundilanda singano. "Ukusoka ngati chikopacho chikuluma, mwanawe."

Mayi oyandikana nafewa amasokera ng'ombe zawo timatumba taubweya tophimba mawere, kuti zikamapita kukamwa pachibowo cha mtsinje woundana, chisanu chisazipweteke. Bere likangouma ndi chisanu, adzukulu aiwale za mkaka mpaka nyengo itafunda.

Chaka chatha, msana wawo utapindika kale, galu anawang'ambira kathumba kamodzi, chikopa china m'nyumba mulibe. Ndinawapeza akudula chipewa chachikopa cha malemu amuna awo, chimene anachisunga m'bokosi zaka makumi awiri.

"Amayi, zoona chipewa chimenecho?"

Sanadzutse n'komwe mutu. "Iwo aja sakumvanso kuzizira. Gwira apa, ng'ombe ili ndi ludzu."