Nyimbo ya Amalume pa Wailesi

Dzulo ndikukonza m'kabati ndinapeza batire lakale litatuluka madzi, ndipo fungo lake la dzimbiri linandibweza kwathu kumapiri a Ntchisi.

Ndinali kamtsikana ka Sitandade 4. Amalume, omwe ankaimba banjo m'maukwati, anali atakajambulitsa nyimbo ku Blantyre, ndipo chaka chonsecho inkamveka pa wailesi. Masana a tsiku lotsiriza chaka, wailesi inkaika nyimbo khumi zimene anthu anazikonda kwambiri, kuyambira yakhumi kukwera. Mabatire tinali titawaanika padenga masiku awiri kuti apezeko mphamvu. Kunyumba mawu ankangothetheka, choncho tinakwera pachulu. Ine ndinaima nditasenza wailesi pamutu, bambo, mayi ndi a tcheyamani a chipani, oyandikana nafe nyumba, atakhala pansi mondizungulira.

Yachisanu inadutsa, yachitatu inadutsa, ya amalume osamveka. Khosi linkawawa koma sindinasunthe. Yachiwiri itatha mayi anati, "Ndiye kuti yatsalayi ndi ya achimwene!"

Mwadzidzidzi woulutsa anati tsopano tikupita kubwalo la ndege, mtsogoleri wa dziko wafika. Panamveka ng'oma ndi nthungululu.

"Aaa, iwowo sakanadikira pang'ono?" ndinakuwa.

Bambo anadzambatuka n'kunditseka pakamwa. Chikhatho chawo chinali chokhakhala, chonunkha fodya. "Mwanayu dzuwa lamuzunguza mutu, a tcheyamani," anatero akuseka mokakamiza. Ndi dzanja linalo anakweza wailesi mpaka kumapeto, misozi yanga ikutsikira pa zala zawo.