Mwezi umene Renita anadzagwira kwathu

Ophunzira udokotala akabwera kuchokera kumasukulu ena kudzagwira nafe mwezi umodzi, ndimawauza mosabisa kuti mweziwo ndi mayeso a ntchito, ndiye azitseka pakamwa n'kumamwetulira. Ndakhala mlembi wa dipatimenti ya matenda a maganizo pachipatala chathu kuno ku Ohio zaka makumi awiri, ndipo ndaona zambiri. Wina mweziwo umamutsegulira khomo, wina umamugwetsa chagada.

Renita Blakely anabadwira mumzinda uno. Mayi ake ankayendetsa basi ya ana asukulu, iyeyo anayamba ndi ntchito yosambitsa okalamba, kenako anapita kutali ku Kansas kukaphunzira udokotala, mwana wake Imani n'kumusiya kwa agogo ake. Zaka zinayi, mwana kukulira pafoni. Chimene ankafuna n'chimodzi basi: timutenge kuti ukatswiri wa matenda a maganizo aphunzirire konkuno, azigona nyumba imodzi ndi mwana wake. Kwina sakanapita naye mwanayo, ntchitoyi ndi ya usana ndi usiku, amulera ndani? Koma malo athu ndi asanu ndi amodzi pachaka, ofunsira mazanamazana.

Masabata atatu anayenda bwino. Anamwino ankamukonda, ndipo Dokotala Hollister, amene amasanja mayina a oti tiwatenge, anali atamuika pa nambala 3.

Sabata yomaliza, Dokotala Hollister anasaina kuti bambo wina wodwala atuluke mawa lake. Bamboyo anali atayamba kuseka, kudya bwino, kuthokoza aliyense. Koma Renita anamumva akuuza mlongo wake pafoni kuti atenge galu wake, mbedza zake apatse neba. Renita anabwera muofesi mwanga kudzandifunsa kuti atani. Ndikuchita manyazi kunena, koma ndinamuuza kuti anong'oneze namwino, iye asaonekere. Namwino anakanena, adokotala anangoti aona kale zonse.

M'mawa pamsonkhano wa pawodi, anthu ali khumi ndi awiri, Renita anakweza dzanja.

"Pepani adokotala, bambo aja sanachire ayi. Akutsanzika."

Dokotala Hollister anavula magalasi, n'kumufunsa kuti wakhala dokotala zaka zingati.

"Sindinakhalepo. Koma ndasambitsa anthu ambiri amene ankagawa katundu wawo."

Bamboyo sanatuluke. Patatha masiku awiri anaulula yekha kuti kunyumba anali atasonkhanitsa mapiritsi oti adziphe nawo. Mukuganiza kuti wina anamuthokoza Renita? Olo mmodzi.

Mu February anandibweretsera mndandanda wa mayina uja kuti ndiulowetse mukompyuta. Renita anali pa nambala 22, pambali pa dzina lake atalemba ndi cholembera kuti salangizika. Mtima unandiwira. Ndinakagogoda kuofesi kwa adokotala, iwo osadzutsa n'komwe mutu, anangondikumbutsa kuti ntchito yanga ndi kutayipa. Ndinabwerera n'kutayipa, ndi manja angawa.

Mu March, tsiku limene ophunzira amatsegula maenvelopu kuti adziwe kumene atengedwa, Renita anandiimbira. Anamutenga ku North Dakota, kutali kwambiri ndi kuno, zaka zinanso zinayi. Sanadandaule, sanatukwane munthu, ndipo zinandipweteka kuposa akanatukwana. Kumbuyo kwake ndinkamva anzake akukuwa ndi chimwemwe.

"Mayi Odessa," anatero, "inu munalera ana. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi ndikamuuze bwanji?"