Mbiri Imene Ndinaidula pa Maliro a Achimwene

Amene wandikakamiza kunena izi ndi mdzukulu wanga Felizarda, ndipo akulemba ndi iyeyo. Akuti ndikazisungabe mumtima ndidwala nazo.

Tsiku loika achimwene ndinadzuka kusanache, kaya n'kudzuka kumene, poti tinachezera nyimbo pasiwa. Moto wa azibambo unali utazilala, azimayi akukoleza wawo kuseri. Kutentha kunali kutayamba kale. Kwa ku Tete kuno sikudikira dzuwa, ndipo ife a ku Angoniya sitinakuzolowerebe ngakhale takalambira m'dera la Josina Machel momwemu.

Ndikusukusula, anandipeza mkulu wa mpingo wathu. Amvekere, "Mayi, mwatsala ndinu. Mbiri ya malemu tikanene zotani kumanda?"

Achimwenetu anali woimba sakisofoni. Nthawi ya Apwitikizi m'mabayile, m'malo ovinira, munkalira nyimbo zachizungu zokhazokha. Iwo ndi konjuntu yawo, gulu lawo loimba, ndi amene anayamba kulowetsamo zathu, zachinyanja ndi zachinyungwe, mpaka azungu kumavina osadziwa kuti nyimboyo ikuwanena. Ine ndili kamtsikana ndinkawasitira malaya oyera ndi makala, ena ndinawotchapo pakolala, anandithamangitsa mpaka kumsika. Zosoka zovala anayamba atakalamba, mano atatha, chifuwa chitakana kuuzira.

Koma kumbuyo kwa mkuluyo kunaima amayi anzanga akumpingo, makutu ali tcheru. Kumpingo kwathu zamabayile timati n'zachikunja. Ndinangoti, "Anali alufayati, wosoka zovala."

"Basi?"

"Basi."

Dzuwa litakwera anthu anayamba kufika. Ena pa shapa, maminibasi a kuno, kuchokera ku Moatize, ena wapansi kuchokera ku Nhartanda, ambiri okalamba, oyendera ndodo, nkhope zoti sindinazionepo. Ndiwo zinachepa, tinachita kuthira madzi m'nyemba. Gogo wina wolankhula Chinyungwe anandigwira dzanja osalisiya, akuti mwamuna wake anamupeza akuvina nyimbo ya achimwene. Kenako anafika mdala wina wowonda, atakumbatira lipenga m'thumba la mpunga. Ndinamuzindikira, ndi yekhayo wotsala pa konjuntu ija. Anakhala pansi pa mtengo wa masawu kudikira kuti amuitane. Ndinamulambalala ngati sindinamuone.

Bokosi linakwera kamiyawo, ndiye kuti lole, ife pambuyo, fumbi m'maso, mphepo yake ngati yochokera m'ng'anjo. Kumanda mkulu uja anaimirira. Malemu anabadwira ku Angoniya, anabwera ku Tete, ankasoka zovala, atisiya. Mbiri yonse inathera pomwepo. Anthu anayang'anana, ena n'kuyang'ana ine. Ndikanatha kudzuka n'kuwonjeza, pakamwa ndinali napo. Ndinangoweramira chitenje changa. Mdala uja anali atayamba kumasula thumba lake, ndiye ndinamuona akulimanganso pang'onopang'ono.

Pobwerera, titasamba m'manja pachipata, mdala uja anandiyandikira. Sanakalipe ayi. Anangoti, "Mlongo, mathalauzatu ankasoka okhota ameneyu."

Madzulo anthu anabalalika, amayi akumpingo anandiyamikira kuti maliro ayenda mwaulemu. M'nyumba munatsala ine ndi mphasa zosapinda. Ngakhale wailesi ya aneba sinalire. Chakudya chinandikanika.

Ndiye inu mwawerenga izi, musakhale nazo chete ngati ine. Kauzeni anzanu, makamaka a ku Moatize, mwina zingamupeze mdala walipenga akadali moyo. Mukamuuze kuti manda akuwadziwa, abwere nalo thumba lija, ndipo ndidzamuperekeza ndine.