Chimbale Chimene a Chimwaza Alibe

A Maurice Chimwaza a ku Barking, kutsidya kwa nyanja, omwe ntchito yawo ndi kukankha odwala pamachira kuchipatala, ali ndi nthenda yosamva mankhwala: nyimbo ina yakale ya jazi ya ku Amerika. Nyimbo imodzi yomweyo, koma zimbale zake zodzaza kabati. Iwo amati inayambira m'sewero lomwe linaiwalika kalekale, woimba lipenga wina nkuitola, mayi wina wa mawu aakulu nkuichedwetsa, wapiyano nkuithamangitsa. Ukangowapatsa moni, mbiri yonseyo uimva. Mlendo wotsokomola nyimbo ili mkati amayang'anidwa ngati waba nkhuku.

Mkazi wawo Edna, namwino, ankangoipirira nyimboyi ngati apongozi.

Edna atamwalira, mpingo unakonza mwambo wotsanzikana mu holo ina ku Ilford, thupi lisanakwere ndege kupita kumudzi. A Chimwaza chisoni chinawagwira zedi, ndipo pakamwa sankadziwa kuchinena. Anangofuna chinthu chimodzi: mkazi wawo aperekezedwe ndi nyimbo ija, anthu ali zii. Anasankha chimbale cha lipenga.

"Ma phone onse off, chonde," anatero ataima kutsogolo. "Komanso pasapezeke woimba. Iyi ndi yongomvera."

Anaiwala kuti akulankhula ndi amayi a Mvano, anthu omwe pamaliro sangasiye nyimbo kuyenda yokha ngati mwana wamasiye. Lipenga litazungulira kamodzi, Mayi Miriam, mnzake wa Edna wa kuwodi, anayamba kung'ung'udza. Litabwereza, anaikamo mawu awoawo: "Pita, Edna, wagwira ntchito, kapume." Amayi anavomera, abambo nkulowa ndi besi, lipenga la ku Amerika nkumangotsatira pambuyo mwaulemu.

A Chimwaza anadzuka kuti aletse chipongwecho. Koma anangokhalanso pansi nkulira mokweza, koyamba chichokereni kuchipatala tsiku limene Edna anamwalira. Chimbale chinatha, amayi osatha.

Anthu akubalalika kukakwera basi, a Chimwaza anaima pakhomo, maso ali psuu, nkumagwira aliyense pamkono. Chibadwire anali asanaimvepo nyimboyo ikuimbidwa chonchi, ndipo ankafunitsitsa kupita nayo kunyumba.

"Pepani, alipo amene wajambula?"

Mayi Miriam anatulutsa foni yawo m'chikwama, ili yozima.

"Palibe, bambo. Pajatu munati tizimitse."